Extract yanga imaletsa biofilm, koma ndikaigawa mphamvu ikusowa

Kamtsitsi:
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa milungu itatu, ndipo ndikudziwa kuti muno muli akuluakulu amene munadutsamo kale. Ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri pa masamba a mtengo wina amene anthu amathira pa zilonda zosapola msanga. Masambawo ndinawaumitsa pamthunzi, ndinawapera, n'kuwaviika mu ethanol wa 80 peresenti kwa masiku atatu. Nditasefa ndi kuumitsa, extract imene inatsalayo ndinaiyesa pa bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus m'pleti ya timaenje 96, n'kuthira crystal violet, utoto wa pepo woonetsa biofilm yomatirira pansi, monga mwa nthawi zonse. Timaenje ta extract tinatuluka totuwa, ta control, topanda extract, tili pepo woderako kwambiri. Ndinabwereza katatu, zotsatira zake zomwezo.

Zinthu zasokonekera nditaigawa. Ndinaisungunula m'madzi n'kuikhutchumula motsatana ndi hexane, ethyl acetate ndi butanol kuti ndione gawo limene muli kemikolo yogwira ntchitoyo. Magawo onse anayi, kuphatikizapo madzi otsalawo, akuletsa biofilm pang'ono chabe, palibe lofika pa mphamvu ya extract yosagawa ija. Kodi kemikolo yanga ndaiwononga, kapena sinalipo n'komwe? Extract yatsala yochepa ndipo ndikuopa kuimaliza ndi kuyesa mwachisawawa.

Mlendo Pagulu:
Pepani achemwali kuti ndikudula nkhani yanu pakati. Ine ndangoyamba kumene maphunziro a zamankhwala, ndipo mawu oti biofilm ndimangowamva osawagwira bwino. Zimasiyana pati ndi mabakiteriya wamba amene timaphunzira kuti amafa ndi ma antibayotiki?

Anesi a Zilonda:
Funsani ndithu achimwene, musachite manyazi. Mabakiteriya ake ndi omwewo, chasintha ndi kakhalidwe kawo. Akapeza poti angamatirire, kaya ndi pa dzino, pa kachubu ka mkodzo, pa chitsulo chimene madokotala aika m'fupa la munthu kapena pansi pa chilonda, amasiya kuyandama, amaunjikana, n'kuyamba kutulutsa zonanda zimene amadzikwiriramo. Zonandazo ndi mashuga ataliatali, mapuloteni ndi DNA. Mudzi wonsewo pamodzi ndi linga lake ndiwo biofilm. Mukadzuka m'mawa n'kumva zoterera pa mano, mwaikhudza ndi lilime lanu.

Ife a m'mawodi timaidziwa ndi ntchito zake. Chilonda mumachitsuka, wodwala akumwa mankhwala amene labu yanena kuti kachilombo kake kamawaopa, chimaoneka ngati chikuuma, mankhwala akangotha chayambanso mafinya. Ofufuza ena mu 2008 anayang'ana zilonda pa maikulosikopu ndipo anapeza biofilm pa zilonda 30 mwa 50 zokhalitsa, pomwe pa mabala 16 atsopano anaipeza pa limodzi lokha. Ndiye ndikamva kuti wina akufufuza zimenezi ndimatchera khutu, chifukwa odwala anga ena akhala ndi chilonda chimodzi kwa chaka chathunthu.

Mkulu wa Labu:
Ndiwonjezere pang'ono pa zimene anesi anena. Mu 1683 Antonie van Leeuwenhoek anapala zokanirira za m'mano mwake n'kuziona pa kagalasi kake kokulitsa zinthu. Anaonanso kuti akachukucha mkamwa ndi viniga, tizilombo timene timafa ndi ta pamwamba tokha, ta mkati timatsala ndi moyo. Mpaka lero vuto ndi lomwelo. Mankhwala ena amachedwa kulowa m'zonandazo. Chachikulu china, mabakiteriya a pansi amapeza mpweya ndi chakudya chochepa, choncho amangokhala ngati ogona, pamene ma antibayotiki ambiri, monga penicillin, amapha bakiteriya amene akukula ndi kugawikana. N'chifukwa chake mlingo wophera a mu biofilm umatha kuposa wophera oyandama ka 10 mpaka ka 1,000.

Tsopano kwa inu a Kamtsitsi. Musanayambe kulira maliro a kemikolo yotayika, ndikufuna tidziwe kaye ngati pali mtembo. Munathira extract yochuluka bwanji pa kadzenje kalikonse? Munaisungunula mu chiyani, ndipo chosungunuliracho munachithiranso mu control? Musanataye broth ya pamwamba, madzi a chakudya amene mabakiteriya amakuliramo, munayeza ngati mabakiteriya oyandama anakula mofanana m'timaenje tonse? Ndipo panali timaenje ta extract yokha popanda mabakiteriya?

Kamtsitsi:
Zikomo akulu. Ndinathira 2 mg/mL. Ndinasungunula mu DMSO, ndipo m'kadzenje munafika 4 peresenti, koma mu control munali broth ndi mabakiteriya basi. Kukula kwa oyandama sindinayeze chifukwa extract ndi yobiriwira moderako kwambiri, makina owerengera pleti ankawerenga mtundu wake m'malo mwa mabakiteriya. Timaenje ta extract yokha panalibe.

Mkulu wa Labu:
Mwayankha moona mtima, ndipo mwatithandiza kuona poyambira. Funso la oyandama ndilo lalikulu pa onsewo. Ngati extract ikupha mabakiteriya kapena kuwachedwetsa kukula, biofilm idzachepa basi, chifukwa omanga achepa. Chimenecho si kuletsa biofilm, ndi kupha wamba, ndipo ngakhale sopo angakupatseni pleti yotuwa. Kuti munene kuti chinthu chikuletsa biofilm, pezani kaye MIC, mlingo wochepetsetsa umene umaimitsa kukula, kenako yesani pansi pake, pa theka, pa gawo limodzi mwa anayi, kutsika choncho. Mabakiteriya akamakula bwinobwino koma osamatirira pansi, pamenepo muli ndi nkhani. Poti mtundu ukusokoneza makina, tengani broth ya pamwamba, ichepetseni mphamvu motsatana, ifalitseni pa agar, chakudya cholimba cha mabakiteriya, mawa lake muwerenge ma colony, timagulu ta mabakiteriya tomera pamenepo. Ndi ntchito yotopetsa koma sinama.

2 mg/mL ndi wochuluka kwambiri. Pa mlingo umenewo masamba a mitengo yambiri amasokoneza mabakiteriya mwa njira ina yake. Paul Cos ndi anzake a ku Antwerp analemba mu 2006 kuti extract yoyenera kuitsatira izionetsa mphamvu pansi pa 100 µg/mL, ndipo kemikolo yoyeretsedwa pansi pa 25 µM. Si lamulo la boma, koma limapulumutsa munthu ku zaka zotaya pachabe. DMSO musapitirire 1 peresenti, ndipo akhale wofanana mu control.

Za crystal violet ndinenepo ziwiri. Utoto umenewu umagwira chilichonse chomatirira pansi, bakiteriya wamoyo, wakufa, zonanda, ngakhale zinyalala za extract yeniyeniyo. Sumasiyanitsa. Komanso dzanja la wotsuka limasintha zotsatira: mukathira madzi mwamphamvu pakati pa kadzenje mumakolopa biofilm yonse. Timaenje ta m'mphepete timauma msanga mu incubator, ine ndimangothiramo madzi osatigwiritsa ntchito.

Aphunzitsi a Chemistry:
Akulu a labu atenga mbali ya mabakiteriya, ine nditenge ya botolo. A Kamtsitsi, magawo anayi aja munawayeza kulemera atauma? Ndipo mukaphatikiza kulemera kwawo kukufika pa kulemera kwa extract imene munayamba nayo?

Kamtsitsi:
Ndinayeza aphunzitsi. Gawo la madzi ndilo lolemera kwambiri, la ethyl acetate ndi lochepetsetsa. Kuphatikiza onse sikukufika, pakusowa ndithu. Pakati pa madzi ndi ethyl acetate panapangika zinthu zonga thovu lolimba zimene zinakana kulekana, ndinazitaya.

Aphunzitsi a Chemistry:
Thovu limenelo musadzatayenso. Ma saponin ndi makemikolo ena okonda madzi ndi mafuta nthawi imodzi amakhala pamalire pomwepo. Lisiyeni usiku wonse, kapena lizunguzeni pa centrifuge, likakanabe liumitseni palokha likhale gawo lachisanu.

Mphamvu ikasowa pogawa, zifukwa zake zimakhala zingapo, ndipo chilichonse chili ndi kayesedwe kake. Choyamba ndi chimene mwachitchula kale, kutaya mbali ina ya zinthu. Chachiwiri ndi kutentha. Poumitsa butanol ndi madzi pa makina a rotavap anthu amakweza moto chifukwa zimachedwa, ndipo makemikolo ena sapirira. Allicin wa mu adyo amaphwasuka msanga akatenthedwa. Tu Youyou, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015, anavutika ndi chomera cha Artemisia annua chopereka zotsatira zosinthasintha mpaka mu 1971 pamene anagwiritsa ntchito ether, amene amawira pa madigiri 35 okha, m'malo mowiritsa pa moto waukulu. Chomera chinali chomwecho, chinasintha ndi kachotsedwe.

Chachitatu ndi ma tannin, ndipo ndikuwakayikira kwambiri pa masamba a mtengo. Ma tannin amamata puloteni iliyonse imene akumana nayo. M'pleti amamata mapuloteni a pa khungu la bakiteriya, a mu broth, ngakhale kupaka pulasitiki yeniyeniyo, ndiye bakiteriya amalephera kugwira. Zotsatira zimaoneka zokongola, koma pachilonda chenicheni chodzaza mapuloteni a m'magazi ma tannin amathera pa mapuloteni amenewo. Ndipo pogawa amamwazikana mu ethyl acetate, butanol ndi madzi, gawo lililonse n'kutenga pang'ono, zimene zikufanana ndi zimene mwaona. Kuyesa kwake n'kosavuta: sakanizani extract ndi ufa wa PVPP, umene umakoka ma tannin, sefani, muyesenso.

Chachinayi ndicho chosangalatsa, kuti mwina ntchitoyo imagwiridwa ndi makemikolo awiri kapena kuposa amene mwawalekanitsa. Mu 2000 Frank Stermitz, Kim Lewis ndi anzawo anasonyeza zimenezi pa zitsamba za mtundu wa Berberis. Berberine, kemikolo ya m'zitsambazi, payekha ndi wofooka pa S. aureus chifukwa bakiteriyayu ali ndi kapampu kotchedwa NorA kamene kamamutulutsa kunja akangolowa. Koma m'chomera chomwecho muli kemikolo ina, 5'-methoxyhydnocarpin, imene payokha sipha kalikonse, ntchito yake ndi kutseka kapampuko. Munthu wogawa mwa nthawi zonse, amene amatsatira gawo lopha n'kutaya magawo ooneka opanda ntchito, akanaitaya osadziwa.

Ndiye musanachite china chilichonse, phatikizaninso magawo anu molingana ndi kulemera kumene lililonse linatuluka nako. Mphamvu ikabwerera, palibe chawonongeka, mwangolekanitsa ogwirizana. Ikapanda kubwerera, yang'anani ku thovu lija ndi ku moto.

Bwenzi la Zitsamba:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhulepo. Aphunzitsi mwanena nokha kuti mphamvu imatha kukhala m'kugwirizana kwa zinthu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nanga n'chifukwa chiyani tikukakamira kung'amba chomera mpaka titapeza kemikolo imodzi? Anthu amene amagwiritsa ntchito masamba amenewa sathira hexane. Chitsanzo chilipo chodziwika: mankhwala a m'maso olembedwa m'buku la ku England la m'zaka za m'ma 900, Bald's Leechbook, osakaniza adyo, anyezi, vinyo ndi ndulu ya ng'ombe n'kusiya masiku 9. Freya Harrison ndi Christina Lee a ku Nottingham anawapanganso mu 2015 ndipo anapha MRSA, mtundu wa S. aureus umene sumva ma antibayotiki ambiri. Mu 2020 gulu la ku Warwick linapeza kuti adyo payekha amapha mabakiteriya oyandama, koma pa biofilm pamafunika msakanizo wonse. Mwana wathuyu akuvutika kufunafuna chinthu chimodzi pamene yankho mwina ndi tsamba lonse.

Aphunzitsi a Chemistry:
Chitsanzo chanu n'choona achimwene, ndipo ndimachikonda. Koma taonani mmene anadziwira kuti pamafunika msakanizo wonse: anachotsa chinthu chimodzichimodzi n'kumayesa zotsalazo. Kumeneko n'kugawa komwe. Sindikunena kuti mapeto ake akhale piritsi la kemikolo imodzi. Ndikunena kuti tiyenera kudziwa amene akugwira ntchito, kaya ndi mmodzi kaya atatu. Masamba othyola nyengo yamvula ndi othyola nyengo youma sakhala ndi makemikolo ofanana kuchuluka. Mtengo wa pa dothi ili ndi wa pa dothi lina amasiyananso. Ngati simudziwa choyeza, mudzadziwa bwanji kuti botolo la chaka chino ndi lofanana ndi la chaka chatha? Wodwala mmodzi adzalandira lamphamvu, wina madzi obiriwira chabe.

Bwenzi la Zitsamba:
Za kusiyana kwa nyengo ndikuvomera. Chimene chimandipweteka n'choti kafukufuku wambiri amathera pa kemikolo imodzi yolembedwa m'pepala, ndipo tsamba lija, limene linali kuthandiza anthu, palibenso amene amaliyesa pa odwala mwadongosolo. Komanso eni nzeruzo amaiwalika. Pangano la Nagoya linavomerezedwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014 kuti phindu lochokera ku zomera ndi nzeru za anthu lizigawidwa mwachilungamo, koma ophunzira ambiri amayamba kuthyola masamba asanalimve n'komwe.

Anesi a Zilonda:
Pa eni nzeru ndili nanu, achimwene. Koma pa mawu oti "limene linali kuthandiza anthu" ndikupemphani tidekhe. Zilonda zambiri zimapola zokha, ndiye chimene munthu anathirapo chimalandira ulemu. Zimene sizinapole zimabwera kwa ife mochedwa. Ndaonapo khungu lopsa ngati lathiridwa madzi otentha chifukwa munthu anamangapo adyo wosaphika usiku wonse, atamva kuti amapha tizilombo. Amaphadi, koma amaphanso khungu.

Ndipo nkhani ya adyo yomweyo ikutiphunzitsa kutalika kwa ulendowu. M'labu anaonetsa mphamvu pa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, koma atayesa makapisozi a adyo ku Nottingham pa odwala cystic fibrosis, matenda obadwa nawo okhudza mapapo, m'kafukufuku waung'ono amene anatuluka mu 2010, panalibe kusiyana kooneka ndi amene anamwa makapisozi opanda mankhwala. A Kamtsitsi, chilichonse chimene mungapeze, chiyeseninso pa maselo a khungu la munthu. Chilonda chimapola ndi maselo amenewo, ndipo mankhwala owapha amachedwetsa kupola ngakhale atachotsa biofilm.

Mlendo Pagulu:
Ndikutsatira bwino tsopano. Koma chinthu chingaletse bwanji biofilm popanda kupha bakiteriya? Ndimaganiza kuti mankhwala onse a mabakiteriya ndi opha.

Mkulu wa Labu:
Njira zilipo zingapo. Ina ndi kutseka timanja timene bakiteriya amagwirira. Makemikolo otchedwa proanthocyanidin a mu zipatso za cranberry amalepheretsa E. coli kumatirira ku maselo a m'njira ya mkodzo. Ina ndi kusokoneza kupangidwa kwa zonanda zija, kapena kuzisungunula. Ina ndi kusokoneza kulankhulana kwawo. Mabakiteriya amatulutsa timamolekyu ta uthenga, ndipo tikachuluka pamalo amadziwa kuti achulukana, n'kuyamba kuchita zinthu limodzi monga kutulutsa poizoni. Dzina loti quorum sensing linaperekedwa mu 1994 ndi Fuqua, Winans ndi Greenberg. Patangopita zaka ziwiri, Michael Givskov, Staffan Kjelleberg ndi anzawo anasonyeza kuti ndere yofiira ya m'nyanja ya ku Australia, Delisea pulchra, imene imakhala yoyera pamene zomera zinzake zakutidwa ndi zoterera, imatulutsa ma furanone osokoneza uthengawu. Gulu la Givskov ku Copenhagen ndilo linagawa adyo pang'onopang'ono mpaka mu 2012 litatchula kemikolo ya ajoene kuti ndiyo yosokoneza uthenga wa P. aeruginosa.

Chiyembekezo cha njira zimenezi n'choti bakiteriya akangolandidwa zida osaphedwa, chitetezo cha m'thupi ndi ma antibayotiki zimamupeza poyera.

Bwenzi la Zitsamba:
Ndiye a Kamtsitsi ayese pa Chromobacterium violaceum, bakiteriya wotulutsa mtundu wa pepo. Ndaona ambiri amachita zimenezo, mtundu wa pepo ukasowa ndiye kuti uthenga wasokonezeka. N'zachangu ndipo sizidya extract yambiri.

Mkulu wa Labu:
Pa ntchito iyi ayi, achimwene. C. violaceum ndi wa gulu la Gram-negative, uthenga wake ndi wa mamolekyu otchedwa AHL. S. aureus ndi Gram-positive, amalankhula ndi timapuloteni tating'ono kudzera m'dongosolo lotchedwa agr. Zinenero ziwiri zosamvana. Mtundu ukasowa pa C. violaceum simunaphunzire kanthu za S. aureus.

Ndipo pali msampha wina umene ophunzira ambiri amagwamo. Pa S. aureus, agr ikayaka imatulutsa poizoni komanso zinthu zophwasula biofilm kuti mabakiteriya amwazike. Mitundu imene agr yake inawonongeka nthawi zambiri imamanga biofilm yokhuthala kuposa inzake. Choncho kutseka uthenga ndi kuletsa biofilm si chinthu chimodzi pa bakiteriya ameneyu. Ntchito ya Cassandra Quave wa ku Emory University imaonetsa kusiyanaku bwino. Pa zomera zimene anthu a ku Italy amagwiritsa ntchito pa matenda a pakhungu, mizu ya Rubus ulmifolius inapereka gawo lokhala ndi ellagic acid ndi abale ake, limene mu 2012 anasonyeza kuti limaletsa biofilm ya S. aureus pa mlingo wosaimitsa kukula. Masamba a Castanea sativa, mu 2015, anapereka gawo lotseka agr n'kuchepetsa poizoni. Zomera ziwiri, ntchito ziwiri, mayeso osiyana.

Aphunzitsi a Chemistry:
Ndipo onani zaka zake. Gawo la masamba a Castanea linalengezedwa mu 2015, koma molekyu imene anaitcha castaneroxy A anailengeza mu 2021. Zaka zisanu ndi chimodzi, m'labu yokhala ndi zipangizo zonse. A Kamtsitsi, digiri yanu sifunika kuthera pa molekyu yatsopano. Mukatha kunena motsimikiza kuti mphamvu ndi yeniyeni, ili m'magawo akutiakuti, si ya ma tannin, ndipo m'magawomo muli makemikolo a mtundu wakuti, mwagwira ntchito yolemekezeka kuposa mapepala ambiri amene ndimawerenga.

Kamtsitsi:
Zikomo nonse. Ndalemba zonse m'kope. Ndiyamba ndi MIC ndi kuwerenga ma colony, kenako PVPP ndi kuphatikizanso magawo. Ndidzabwera ndi zotsatira, kaya zikhale zotani.

Kamtsitsi:
Ndabweranso patatha sabata ndi theka. Zina zandikhumudwitsa, zina zandilimbitsa mtima. Pa 2 mg/mL paja extract inkachepetsadi kukula, ma colony anali ochepa kwambiri, ndiye zotsatira zanga zoyamba zinali zosakanikirana monga akulu a labu ananenera. Nditatsitsa mpaka pamene oyandama akukula mofanana ndi control, DMSO ali 1 peresenti paliponse, biofilm ikuchepabe, ngakhale osati ngati kale. Nditadutsitsa mu PVPP, gawo la madzi lataya mphamvu yake yonse. La ethyl acetate lasunga yake. Chimene chandidabwitsa: gawo la butanol palokha silichita kanthu kooneka pa mlingo wotsikawu, koma ndikaliphatikiza ndi la ethyl acetate, biofilm ikuchepa kuposa pamene ethyl acetate ili yokha. Ndabwereza pa masiku atatu osiyana, tsiku lililonse ndi mabakiteriya odzutsa mwatsopano.

Ndinayesanso pa biofilm yokhwima kale ya maola 24. Pamenepo palibe chimene chikuchitika, ngakhale pa mlingo waukulu.

Aphunzitsi a Chemistry:
Izi ndiye zotsatira zoti munthu angaimirepo. Gawo la madzi lisiyeni, anali ma tannin. Tsopano kagawidwe kanu kasinthe. Mukamagawa gawo la butanol pa column, chubu cholekanitsira makemikolo, tizigawo take musatiyese patokha chifukwa tonse tidzaoneka topanda ntchito. Kagawo kalikonse kayeseni pamodzi ndi mlingo wokhazikika wa gawo la ethyl acetate, ndipo kamene kakuwonjezera mphamvu ndiko mukatsatire. Gulu la Nadja Cech ku North Carolina linachita chimodzimodzi pa chomera cha goldenseal mu 2011, ndipo linapeza ma flavonoid othandiza berberine amene kagawidwe ka nthawi zonse kakanawaphonya.

Musanathire chilichonse pa column, tengani pang'ono pa magawo awiriwo mupititse pa LC-MS/MS, makina olekanitsa mamolekyu ndi kuyeza kulemera kwawo. Pamafunika kochepa zedi. Zotsatira zake mungaziike pa GNPS, nkhokwe yaulere ya pa intaneti yochokera ku University of California San Diego, imene imafananitsa tizidutswa ta mamolekyu anu ndi odziwika kale. Cholinga n'kuti musathe miyezi isanu ndi umodzi mukuyeretsa chinthu n'kupeza kuti ndi quercetin kapena ursolic acid, zimene zili m'masamba ambirimbiri. Ursolic acid analembedwa kale mu 2005 kuti amaletsa biofilm ya E. coli. Kumupeza si tchimo, koma mumudziwe msanga. Dziwaninso kuti makina amenewa amangopereka dzina loyerekeza. Kutsimikiza kapangidwe ka molekyu kumafuna makina ena otchedwa NMR, kapena kufananitsa ndi kemikolo yoyera yodziwika kale.

Chenjezo lomaliza kwa ine: makemikolo ena amaoneka amphamvu pa mayeso alionse chifukwa amaundana, amasintha mtundu kapena amamata mapuloteni mosasankha. Jonathan Baell ndi Georgina Holloway anawatcha PAINS mu 2010, ndipo curcumin ndi wotchuka pa khalidwe limeneli. Dzina lotere likatuluka pa mndandanda wanu, mulikayikire kawiri.

Mkulu wa Labu:
Mwachita bwino kubwereza pa masiku osiyana, timaenje titatu ta pleti imodzi si kubwereza. Kwatsala kutsimikiza ndi njira yosadalira crystal violet. Palani biofilm, imwazeni bwino, muwerenge ma colony. Utoto wa resazurin kapena wa MTT musamale nawo, chifukwa makemikolo ambiri a m'masamba amasintha mtundu wa utoto umenewu popanda bakiteriya aliyense. Yesaninso m'timaenje topakidwa plasma, madzi a m'magazi, chifukwa m'thupi S. aureus sagwira pulasitiki yopanda kanthu, amagwira mapuloteni a fibrinogen ndi fibronectin amene apaka pamwamba pake. Mphamvu ikapulumuka pa plasma ndidzayamba kukhulupirira kwambiri. Ndipo mtundu umodzi wa S. aureus sukwanira. Ina imamanga ndi shuga wotchedwa PIA, ina, makamaka MRSA yambiri, imadalira mapuloteni ndi DNA. Pezani itatu kapena inayi, kuphatikizapo yochokera kwa odwala.

Anesi a Zilonda:
Za biofilm yokhwima zija zisakufooketseni, achemwali. Ife pachilonda sitidikira mankhwala kuti aisungunule, timaipala ndi mpeni pamodzi ndi mnofu wakufa. Vuto n'loti pasanathe masiku atatu imakhala yabwerera. Chinthu choletsa kuti isamangidwenso pa masiku amenewo, chosapweteka maselo atsopano, ndicho chimene ndimasowa pa thireyi yanga. Mungayese motere: kulitsani biofilm, ipaleni, kenako thirani magawo anu muone ngati ikuchedwa kubwerera.

Bwenzi la Zitsamba:
Ndasangalala kuti butanol uja sanatayidwe. Ndifunseko chimodzi: nthambi ya mtengowo yokhala ndi maluwa kapena zipatso munaisunga ku herbarium? Mukapitanso kukathyola, adzakhala mtengo womwewo?

Kamtsitsi:
Nthambi ilipo, katswiri wa zomera anaitsimikiza ndipo ili ndi nambala yake. Mtengowo ndinaulemba malo ake pa GPS. Koma masamba oyamba ndinathyola mitengo ikuphuka kumene, pano akhwima. Extract yotsala ingokwanira LC-MS ndi mayeso a plasma. Ndithyole atsopano panopa, kapena ndidikire nyengo yomwe ija?

Aphunzitsi a Chemistry:
Thyolani panopa, ochuluka, pa mtengo womwewo, ndipo mulembe tsiku. Extract yatsopanoyo muidutsitse pa HPLC, makina olekanitsa makemikolo, moyandikana ndi yakale musanazisakanize, ndipo muiyese pa pleti imodzi ndi yakaleyo. Zikasiyana mphamvu, yang'anani nsonga zimene zakwera kapena kutsika pa chromatogram, chithunzi chimene HPLC imatulutsa, zimenezo zidzakulozerani kumene kuli makemikolo anu. Yakaleyo sungani mamiligalamu pang'ono mufiriji ya madigiri 20 pansi pa ziro, m'kabotolo koderako kotseka bwino, musaimalize yonse.

Kamtsitsi:
Ndamva aphunzitsi. Ndipita Lachisanu m'mawa, ndipo thovu la pamalire lija ulendo uno ndiliumitsa palokha.